Mtsikana wobwereka foni saoneka pa ziwerengerozo

A mtolankhani, mwanena m'nkhani yanu kuti mafunso amene achinyamata amafunsa pafoni angathe kuuza Unduna wa Zaumoyo zoyenera kuphunzitsa pa nkhani za kugonana. Ndikugwirizana nanu pang'ono chabe, chifukwa simunafunse kuti foniyo ndi ya ndani.

Chipatala Cha Pa Foni, komwe anthu amaimba kufunsa malangizo a zaumoyo, chinayambira ku Balaka mu 2011 ndipo chimathandizadi, kuimbako n'kwaulere. Koma kumudzi mtsikana wa Sitandade 8 nthawi zambiri alibe foni yakeyake. Amabwereka ya mayi ake, ndipo sangafunse za kulera kapena za zilonda za kumaliseche mwini foniyo ali chilili pakhomo kudikira kuti abwezeredwe. Mafunso amene amafika ku Chipatala Cha Pa Foni amakhala a amene ali ndi foni, maukonde ndi malo obisika. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali oyembekezera, ndipo vutoli linali lalikulu kumidzi kuposa m'tauni.

Ziwerengero zambiri za mu DHIS2, pulogalamu ya pa kompyuta imene Unduna umasungiramo ziwerengero za zaumoyo, nazonso zimayambira m'kaundula wa pepala, momwe namwino amalemba okhawo amene afika kuchipatala. Woopa kukumana ndi azakhali ake pamzere salembedwa paliponse.

Pankhani yotsatira, kafunseni a Unduna ngati aphunzitsi a Life Skills amalandira n'komwe ziwerengero za dera lawo, komanso ngati alangizi a zaumoyo amafunsidwa zimene amamva m'midzi.