Lekani kuzula maluwa a orchid m'tchire

Wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye ndimvereni ana anga. Khalidwe lomati mukaona duwa la orchid m'tchire basi mwasolola mpeni, mwakumba, mwaponya m'chikwama, likundipweteka mtima. Mnyamata wina anandionetsa lake monyadira, atalibzala m'chitini pakhonde. Patatha miyezi iwiri ndinapeza masamba atachita chikasu, atawerama, dothi likununkha kuola. Iye n'kumati kapena madzi anachepa. Iyayi mwanawe, silinafe ndi ludzu limenelo, unalipha tsiku lomwe unalizula.

Chomera ichi sichili ngati zinzake. Njere zake n'zazing'ono ngati fumbi, zimangouluka ndi mphepo. Charles Darwin, katswiri wa zachilengedwe wa ku England, atawerengera, anapeza kuti kachipatso kamodzi ka mtundu wina kamakhala ndi njere pafupifupi 6,200. Koma njere zimenezi zilibe chakudya m'kati mwake. Kuti imodzi imere, iyenera kugwera pamalo pomwe pali timaulusi ta bowa wa m'nthaka, tomwe timalowa m'njeremo n'kumaidyetsa ngati khanda. Zambirimbiri zimangofera pomwe zagwera. Yomwe yapulumuka imatha zaka zingapo ili pansi, osatulutsa ngakhale tsamba limodzi. Tsono mukaona duwa litamasula, dziwani kuti mukuona ntchito ya zaka zambiri, ndipo inu mukuithetsa m'mphindi zisanu.

Tamvani zomwe zinachitika ku England. Kumeneko kuli mtundu wotchedwa Cypripedium calceolus, duwa lake lili ndi kathumba kachikasu kooneka ngati nsapato, m'mbali muli timasamba tofiirira topotanapotana. Tinjuchi timagwera m'kathumbamo poyesa kuti muli chakudya, timalephera kutulukira pomwe tinalowera, ndiye timadzipanikiza pakampata ka kumbuyo n'kutuluka titamatidwa ndi mungu. Nzeru zotere, mlengi yekha! Koma anthu a m'zaka za m'ma 1800 ankalikumba mosaganiza, ena okabzala m'minda yawo, ena okagulitsa, aliyense poti changa n'chimodzi chokha. Pofika 1917 akatswiri analengeza kuti latheratu m'dzikomo. Mu 1930 anadzapeza chomera chimodzi, chimodzi chokha, m'mapiri a Yorkshire Dales. Malowo anawabisa, ndipo nyengo ya maluwa ikafika pamakhala alonda. Akatswiri a ku Kew, munda wofufuzira za zomera ku London, anavutika zaka zambiri kumeretsa njere zake m'mabotolo kuti abwezere mbande kutchire. Tangoganizani, dziko lonse kumalondera duwa limodzi chifukwa cha manja osamva.

Nanunso a mafoni, musadziyese oyera poti simukumba. Mumagona chafufumimba pa udzu kuti chithunzi chituluke bwino, mawondo ndi zigongono zikuphwanya mbande zomwe maso anu sakuziona, nthaka ikulimba ngati pabwalo. Kenako mumaika chithunzicho pa Facebook pamodzi ndi malo enieni pomwe duwalo lili. Mukuitana ndani? Akuba nawonso ali ndi mafoni. Ndipo wothyola duwa lokha asanene kuti wasiya mizu, pakuti wachotsa njere zonse za chaka chimenecho.

Za malamulo ndingonena mwachidule. Pangano la mayiko la CITES loona za malonda a nyama ndi zomera za m'tchire, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1975, limateteza mitundu yonse ya orchid, moti kuwolotsa malire chomera cha m'tchire popanda chilolezo ndi mlandu.

Ngati mukufunadi orchid pakhomo panu, gulani kwa alimi a maluwa omwe amameretsa okha, ndipo muwafunse komwe mbewuyo inachokera. Wogulitsa akayamba chibwibwi, bwezani ndalama m'thumba. Mukalipeza m'tchire, imani panjira pomwe muli, jambulirani patali, malo musaulule kwa gulu. Mukaona maenje atsopano pomwe dzana panali maluwa, kauzeni oyang'anira nkhalangoyo tsiku lomwelo.