Kuphunzira luso n'kwina, kudyeredwa masuku pamutu n'kwina

Mwalemba kuti mwana aliyense wopezeka pa shopu ya mmisiri akudyeredwa masuku pamutu. Apa ndiye ndikutsutsani pang'ono, achimwene. Ine ukalipentala ndinaphunzira kwa amalume anga pa Chitakale ndili sitandade 6. Ndikaweruka ndinkakagwirizira thabwa iwo akucheka, kuwongola misomali yopindika, mpaka anayamba kundisiyira pulena. Koma sukulu sankaichitira masewera. Tsiku lina ndinajomba kuti ndimalize kampando, anandigwira khutu mpaka pakhomo la kalasi. Lero ana anga akudya ndi luso lomwelo.

Zimene ndinaona pa Luchenza mwezi watha ndi zina. Kamnyamata kosakwana zaka 12 kakuwotcherera geti m'mawa wa Lachiwiri, anzake ali m'kalasi. Magalasi kanalibe, moto ukathetheka kamangophimba nkhope ndi chikhatho, maso ali psuu, misozi ili chuchuchu. Nditafunsa, mwini shopu anangoti akuphunzira ntchito. Kuphunzira kwanji kotsekereza mwana sukulu, malipiro ake n'chigumu cha masana basi? Mtima unandiwawa kwambiri.

Lamulo la zantchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo ntchito zoopsa n'zoletsedwa kwa wosakwana 18. Pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994. Mafumu ndi a ofesi ya zantchito asamangoyang'ana m'minda ya tiyi. Alowenso m'mashedi a owotcherera ndi m'magalaja a pa Limbuli ndi pa Bvumbwe nthawi ya sukulu, aone okha ana amene ali mmenemo.