Tisanakulitse bwalo la mpira, tifunse kaye kuti chipata n'chandani

Bullets ndi Wanderers akamakumana pa Kamuzu Stadium, madandaulo amakhala awiri omwewo, m'minibasi ya ku Limbe ngakhalenso pa Facebook. Ena amati bwalo lachepa, likulitsidwe. Ena amati mtengo wolowera wakwera, utsitsidwe. Onsewo akunena zoona. Koma ndikayang'ana mmene aneba athu amayendetsera nkhaniyi, ndimaona kuti vuto lathu lalikulu lili pa umwini. Matimu awiri amene ali ndi ochemerera ambiri m'dziko muno ndi alendi.

Bwalo la Kamuzu n'la boma. Linamangidwa m'zaka za m'ma 1950, atsamunda akulitcha Rangeley. Mu 2012 linatsekedwa chifukwa malo ena okhala anthu anali atafooka, ndipo litatsegulidwanso mbali zina zinakhalabe zotchinga, anthu ololedwa kulowa n'kuchepa kwambiri. La Bingu ku Lilongwe, lomwe linatsegulidwa mu 2017 ndipo limalowa anthu pafupifupi 41,000, nalonso n'la boma, lomangidwa ndi ngongole ya ku China. Ndiye taonani mmene ndalama ya pachipata imayendera pa masewero a ligi. Amayamba achotsa zolipira apolisi, olondera zipata ndi osindikiza matikiti. Pa zotsalazo mwini bwalo amatenga 25 peresenti, chimodzimodzi ndi timu iliyonse, zinazo n'kupita ku mabungwe oyendetsa mpira ndi zamasewero. Timu imene yakoka khamu lonselo, imene imalipira osewera mwezi ndi mwezi, imanyamuka ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. N'chifukwa chake akuluakulu a matimu amakweza mtengo pa tsiku la derby, pakuti ndi tsiku lokhalo limene kangachepe kamaoneka. Olangidwa ndi mnyamata wa ku Ndirande amene wachemerera timuyo chaka chonse, pa dzuwa ndi pa mvula.

Mu 2019 a Peter Mutharika analonjeza kumangira matimu awiriwa mabwalo awoawo mu Blantyre. Ntchito inayambika koma zaka zinadutsa osatha. Ine sindinadabwe, chifukwa bwalo lobadwira pa msonkhano wa ndale limayenda ndi nyengo ya ndale. Silver Strikers, amene ali ndi pokhala pawo ku Area 47 chifukwa cha Reserve Bank, ali pabwino kuposa anzawo otchukawo pa nkhani imeneyi.

Ku Zambia zinayenda njira ina, ndipo anaziyendetsa ndi migodi. Makampani a kopa ankamangira antchito awo mabwalo m'makomboni momwemo: Nkana Stadium ku Wusakile mu Kitwe, Shinde ku Mufulira, Nchanga ku Chingola, Konkola ku Chililabombwe. Power Dynamos ali ndi Arthur Davies ku Kitwe komweko, mothandizidwa ndi kampani ya magetsi ya Copperbelt Energy. Ku Lusaka, Zanaco ali pa Sunset, Red Arrows pa Nkoloma. Si mabwalo akuluakulu ayi. Koma munthu amachoka kunyumba wapansi n'kukafika, ndipo timu ikamasewera pakhomo imakhaladi pakhomo. Boma linamanga ake awiri akuluakulu, Levy Mwanawasa ku Ndola mu 2012 wolowa anthu pafupifupi 50,000 ndi National Heroes ku Lusaka mu 2014 wolowa 60,000, ndipo amenewa ndiwo amalandira Chipolopolo. Matimu akakhala ndi masewero a CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa, amene bwalo lawo silikukwanira, amasamukira kumeneko tsiku limenelo, kenako n'kubwerera kwawo. Dongosolo limeneli ndimalisirira: laling'ono la sabata ndi sabata, lalikulu la tsiku lalikulu.

Palinso phunziro lina ku Ndola. ZESCO United, timu imene yatenga ligi ya Zambia kangapo, imasewerera pa Levy Mwanawasa, ndipo aliyense woonera pa kanema amaona mipando yambirimbiri ili mbee pa masewero wamba. Anthu 5,000 m'bwalo la 50,000 amamveka ngati palibe munthu, pomwe omwewo pa Arthur Davies amagwedeza mlendo. Udzu, madzi, magetsi ndi alonda a bwalo lalikululo amafuna ndalama yomweyo, kaya mwadzaza kaya ayi.

Sindikunena kuti ku Zambia zonse zili myaa. Migodi itagulitsidwa cha m'ma 2000, eni atsopano ena sanasamale za mpira, mabwalo anayamba kugumuka, ndipo Mufulira Wanderers, imodzi mwa matimu a mbiri yaikulu kumeneko, inatsika n'kukhala zaka m'ligi yaing'ono. Bwalo lodalira kampani imodzi limadwala kampaniyo ikadwala. Ku Mozambique chiopsezo n'chomwecho: Ferroviário ya ku Maputo ili ndi Machava chifukwa cha kampani ya njanji, ndipo UD Songo ya ku Tete, pafupi nafe pomwepa, imaima pa kampani ya magetsi ya Cahora Bassa.

Amene amandisangalatsa kwambiri ndi Azam ya ku Tanzania. Simba ndi Yanga ndi Maule ndi Manoma a kumeneko, ochemerera miyandamiyanda, komabe derby yawo amachitira pa Benjamin Mkapa, bwalo la boma lolowa anthu 60,000. Azam, timu yachichepere, inapita ku Chamazi kunja kwa Dar es Salaam n'kumanga lake la anthu pafupifupi 10,000, pamodzi ndi malo ophunzitsira achinyamata. Lero zimphona ziwirizo nazo zimakabwereka ku Chamazi bwalo lalikulu likatsekedwa. Zoona, kumbuyo kwa Azam kuli banja lolemera la Bakhresa, koma taonani zimene anasankha pokhala ndi ndalamayo: laling'ono lomalizika bwino, lotheka kuwonjezera mtsogolo. Black Bulls ya ku Mozambique inachitanso chimodzimodzi ku Tchumene mu Matola, ndipo mu 2021 inatenga Moçambola, ligi yaikulu ya dzikolo.

Tsopano za mtengo. Ku South Africa tikiti ya masewero wamba a ligi inakhala pa R40 kwa zaka zambiri, mtengo wodziwika kwa aliyense, ndipo abale athu ali ku Joni akhoza kuchitira umboni. Anatha kutero chifukwa ndalama yeniyeni imachokera ku kanema, kuyambira pamene SuperSport inagula ufulu woonetsa ligi mu 2007. Komabe kupatula masewero a Chiefs ndi Pirates, mabwalo ambiri amakhala opanda anthu. Kutchipa kokha sikudzaza bwalo. Ife sitingawatsanzire mwachimbulimbuli, chifukwa matimu athu amadalirabe chipata. Chimene tingatengeko n'chakuti mtengo usamadzidzimutse munthu.

Ndipo ulere si chifundo ayi. Pa 6 July 2017, pa chikondwerero cha ufulu wa dziko lino, anthu 8 anafa pa zipata za Bingu National Stadium, ambiri mwa iwo ana, akukankhana kuti akaonere Bullets ndi Silver mwaulere. Bwalolo linali latsopano, lalikulu, mipando inalipo. Chinavuta ndi khamu losawerengeka pa zipata zochedwa kutsegulidwa. Ku Konkola mu 2007 kunafa anthu 12 potuluka Zambia itasewera ndi Congo. Ku Ellis Park mu Johannesburg mu 2001 kunafa 43. Tikiti yogulitsidwa masiku angapo masewero asanafike ndiyo imauza okonza kuti kubwera anthu angati, atsegule zipata zingati, nthawi yanji.

Aliyense amene anaimapo pamzere pa mabwalo athu amadziwa zimene zimachitika pachipata. Wolondera amalandira tikiti osaing'amba, amaipinda m'dzanja, ndipo posakhalitsa yabwerera kunja kukagulitsidwanso. Wina amaponyera kangachepe m'thumba la yunifolomu n'kulowa chammbali. Madzulo akamalengeza ndalama zimene zapezeka, munthu umayang'ana khamu limene linali m'bwalomo n'kugwira pakamwa. Ku Tanzania masewero akuluakulu amalowera pa khadi ya N-Card, yolipiriratu pa foni. Ife Mpamba ndi Airtel Money zili m'thumba la pafupifupi wochemerera aliyense, ndiye chodikira sindikuchiona. Kuwonjezera mipando chipata chili chobooka n'kutungira madzi m'dengu.

Ndikadakhala pampando wa Bullets kapena Wanderers, sindikadapempha bwalo la 40,000. Ndikadafuna la anthu 15,000, chikalata cha malo chili m'dzina la timu, osati la wothandiza kapena la boma, ndi malo osiyidwa kumbuyo kwa magolo kuti tidzawonjezere likayamba kudzaza sabata iliyonse. Derby ndi masewero a CAF azipita ku bwalo la boma monga amachitira ku Zambia. Mtengo wa mbali yopanda denga ulengezedwe ligi isanayambe ndipo usasinthe mpaka ithe, ngakhale pa derby. Ofuna mthunzi, mpando wa nambala ndi poimika galimoto ndiwo alipire zambiri, ndipo tikiti ya chaka chonse igulitsidwe molipira pang'onopang'ono pa foni kuti wogulitsa kaunjika ku Limbe nayenso aikwanitse.