Taolu si gule, anzanga

Ndatopa nawo anthu amene akaona mpikisano wa taolu, gawo la wushu (masewera a ndewu a ku China) lomwe munthu amaonetsa luso la ndewu lomwe analoweza, amathamangira kuseka kuti "ndewu yanji yopanda mdani, akungovina awa." Ngati mukufuna zibakera zogwa pankhope, ku wushu komweko kuli sanda, kaonereni imeneyo. Taolu ili ndi zake.

Munthu amalowa yekha pa kapeti ya mamita 14 mulitali ndi 8 mulifupi. Akakhala wa changquan, mtundu wa taolu wothamanga komanso wodumpha kwambiri, sewero lake limangopitirira pang'ono mphindi imodzi ndi masekondi 20, ndipo m'kanthawi kameneko oweruza amakhala akumuwerengera chilichonse. Mapointi onse ndi 10: asanu a kulondola kwa mayendedwe a thupi, atatu a mphamvu ndi kukoma kwa sewero lonse, awiri a zinthu zovuta zomwe eni ake amati nandu.

Ambirife timatengeka ndi kudumpha. Inde, munthu kuzungulira m'malere kawiri konse, madigiri 720, n'kumenya phazi ndi dzanja asanatsike, n'zodabwitsa. Koma ine ndimati yang'anani potera. Ayenera kutera miyendo ili tang'a, mawondo opinda ngati wakwera hatchi, n'kuuma gwa pomwepo. Phazi likasuntha pang'ono, kapena thupi likagwedera, mapointi apita. Mendulo zambiri zimatayikira pamenepo, chifukwa opambana amasiyana ndi tizidutswa ta pointi imodzi. Gule wake uti amene amakulanga chifukwa chidendene chanyamuka?

Wushu inalowa m'masewera a mayiko a ku Asia mu 1990 ku Beijing, ndipo China yakhala ikukolola golide wochuluka, izo n'zosachita kufunsa. Sun Peiyuan wa ku China anapambana changquan ku Jakarta mu 2018 n'kubwerezanso ku Hangzhou mu 2023. Chimene chimandisangalatsa ine ndi Indonesia. Lindswell Kwok anatenga golide wa taijiquan (taolu yoyenda modekha) ndi taijijian (yomweyo koma ya lupanga) kwawo mu 2018, kenako n'kusiya mpikisano ali pamwamba. Ku Hangzhou, Harris Horatius nayenso anatenga golide pa nanquan ndi nangun (nanquan ya ndodo). Nanquan ndiye ndimaikonda zedi, ija ya kumwera kwa China, yoima motsika, mikono yolemera, wosewera akukuwa ngati wapsa mtima.

Dandaulo ndili nalo limodzi. Chibwerere nandu, masewero ambiri ayamba kufanana, aliyense akusaka kudumpha komweko kuti asaluze mapointi awiri aja. Mpaka taijiquan, yomwe kukoma kwake ndi kudekha, yadzaza ndi zodumphadumpha. Pamenepo oseka aja akanati "iyi yasanduka jimunasitiki" ndikanawamvera, osati za gulezo.

Ku Olimpiki yeniyeni wushu sinalowebe. Mu 2008 ku Beijing inangochitikira pambali, mendulo zake sizinawerengedwe. Khomo loyamba latseguka ku Africa kuno: ili pa ndandanda wa Olimpiki ya achinyamata ya Dakar 2026, ku Senegal, ndipo zomwe anasankha ndi changquan ndi taijiquan. Nanquan yanga ija aisiya panja, ndipo zimenezo zandiwawa.