Ana anga oyendetsa ndege zing'onozing'ono, tabuleti ija muimangirire

Chimene mukuchita masiku ano chikundisowetsa mtendere. Mukwera ka Cessna, muika iPad pamwendo osaimangirira, maso onse ali pa kamzere kofiirira koloza njira pa mapulogalamu a mapu a ForeFlight kapena SkyDemon, kunja simusuzumirako n'komwe. Munaphunzira choncho kusukulu?

Mu July 2022 ku Idaho, ku America, helikoputala ya Chinook imene inkatunga madzi ozimitsira moto wa m'nkhalango inagwera mumtsinje wa Salmon. Oyendetsa awiri anafa. Ofufuza a NTSB, bungwe lofufuza ngozi ku America, anapeza kuti iPad inagwa n'kukadzipanikiza pa chopondera chowongolera helikoputala, ndipo chopondera chija chinakanirira. Anthu ake anali odziwa ntchito, osati ophunzira ngati ena a inu. Kachipangizo kamene mwana amaonera makatuni ndi kamene kanagwetsa chimakina chachikulu chotere. Lamba womangira pantchafu alipo, chogwirizira chokhomera pambali chiliponso. Mtengo wake sungafike ndi pa mafuta a ulendo umodzi.

Nanga dzuwa? A Apple eni ake amanena kuti iPad imagwira bwino ntchito mpaka madigiri 35. Inu mukunyamuka pa Chileka mu October masana, galasi likuwotcha ngati chiwaya cha chipisi, tabuleti ili pamtetete padzuwa. Idzazima yokha ikatentha, ndipo nthawi yake idzakhala yomwe mwayandikira Mulanje, pamene Sapitwa waima pa mamita 3,002 atavala mitambo. Pamenepo mapu a pepala ali kuti? Munawasiya kunyumba poti ndi achikale.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi kudzikhulupirira kumene kachipangizoka kamakupatsani. Kakuuzani pamene muli, inde, koma nkhungu sikaichotsa. Mukaona mitambo yatsika pa Viphya kapena pa Zomba, bwererani, musamatsike n'kumakwawa pansi pake poti mzere ukuloza kutsogolo. Dziko lino linalira mu June 2024 ndi zimene zinachitika ku Chikangawa tsiku la nkhungu. Bala lake silinapole.

Komanso mapu a ndege amasinthidwa masiku 28 alionse. Ena mukuuluka ndi a chaka chatha chifukwa chonyinyirika ndi bandulo. Manyazi mulibe? Musanakwere, tsitsani atsopano, tchajani batire, lembani papepala mafrikwense a wailesi ndi kolowera, ndipo ngati iPad yanu ndi ya Wi-Fi yokha, dziwani kuti mulibe GPS mkati mwake.