Maganizo anga: mlimi wa m'dambo la peat adya chiyani podikira mitengo yanuyo?

Masiku ano kuli mipikisano yoti ophunzira a m'mayunivesite apeze njira zothandizira alimi ang'onoang'ono a m'madambo a peat kupeza ndalama popanda kuumitsa kapena kutentha dambolo. Cholinga chake sindikutsutsana nacho. Mantha anga ali pa kagawidwe ka mphoto. Ndikuopa kuti chikho chizipita kwa amene wabwera ndi chinthu chowala pa sikirini, kaya ndi pulogalamu ya pa foni, kaya paketi yokongola ya uchi, pamene funso lenileni la mlimi silinakhudzidwe n'komwe: kuyambira lero mpaka tsiku limene mbewu yatsopanoyo idzayambe kubweretsa ndalama, banja lake lidya chiyani?

Kwa amene simunalimvepo, peat ndi dothi lakuda lopangidwa ndi masamba, mizu ndi zipika zimene zinagwera m'madzi osayenda n'kulephera kuwola bwinobwino. Limaunjikana pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi pachaka, moti malo ena pa zilumba za Sumatra ndi Borneo, kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, kuya kwake kumapitirira mamita 10. Madambo amenewa amatenga 3 peresenti yokha ya mtunda wa dziko lapansi, koma amasunga kaboni wochuluka kuposa mitengo ya m'nkhalango zonse. Dambo likakhala lonyowa, kaboniyo amakhala phee pansi. Mukangokumba ngalande, madzi amatsika, mpweya umalowa, dothi limayamba kuwola ndi kutitimira, kaboni uja n'kuthawira mumlengalenga momwe amawonjezera kutentha kwa dziko lapansi. M'minda ikuluikulu ya ku Sumatra akatswiri anapeza kuti nthaka imatsika pafupifupi masentimita 5 chaka chilichonse. Ndipo likauma limayaka. Moto wake umayenda pansi ngati makala okwiriridwa ndi phulusa, pamwamba pakungofuka utsi, mpaka mvula yamphamvu itabwera.

Mu 2015 mahekitala 2.6 miliyoni anapsa ku Indonesia, ndipo World Bank inawerengera kuti dzikolo linataya ndalama zoposa madola 16 biliyoni. Mumzinda wa Palangka Raya, pa chilumba cha Borneo, thambo linasanduka lachikasu masana, ndipo utsi unatseketsa sukulu mpaka ku Malaysia ndi ku Singapore.

Tsono tisanayambe kuloza mlimi chala, tifunse kaye: ngalande zikuluzikuluzo anakumba ndani? Mu 1995 boma la Indonesia, pansi pa Pulezidenti Suharto, linalamula kuti mahekitala 1 miliyoni a dambo ku Central Kalimantan, chigawo cha dzikolo pa chilumba cha Borneo, asanduke minda ya mpunga. Anakumba ngalande zotalika makilomita oposa 4,000. Mpunga sunachite, dambo linauma, ndipo chilala cha 1997 chitafika derali linayaka kwa miyezi. Kwinako makampani a kanjedza wa mafuta ndi a mitengo ya mapepala anaumitsa malo aakulu zedi. Mlimi wa mahekitala awiri amakhala m'mphepete mwa zonsezi, madzi a m'munda mwake akutsetserekera m'ngalande imene sanakumbe iye. N'chifukwa chake zimandiwawa ndikaona funso la mpikisano likulembedwa ngati vuto lonse ndi umbuli wa mlimi.

Mlimiyo amatentha, inde. Koma ali ndi zifukwa. Dothi la peat ndi lowawasa ndiponso losowa chakudya cha mbewu. Phulusa limachepetsa kuwawasako n'kupatsa mbewu poyambira, ndipo machesi ndi otchipa poyerekeza ndi kubwereka makina olambulira munda, kugula laimu ndi feteleza. Boma litakhwimitsa chiletso cha moto pambuyo pa 2015, mabanja ambiri ku Kalimantan anasiya kulima mpunga wawo n'kuyamba kugula. Utsi unachepa m'madera ena, koma wolipira anali amene analibe kale kanthu.

Mu January 2016 Joko Widodo, pulezidenti wa Indonesia pa nthawiyo, anakhazikitsa bungwe lokonzanso madambowa, BRG, ndi cholinga chokonza mahekitala pafupifupi 2 miliyoni. Ntchito yake inali patatu: kubwezeretsa madzi, kubzalanso mitengo, ndi kupezera anthu njira zina zokhalira moyo. Lamulo la dzikolo limati pa malo olimidwa madzi asatsike kupitirira masentimita 40 pansi pa nthaka. Ziwiri zoyambazo n'zowerengeka, mukhoza kujambula chithunzi n'kuika mu lipoti. Chachitatucho ndiye chimavuta, ndipo mpamene ophunzira akuitanidwira.

Tiyeni tiike mbewu ziwiri pasikelo. Kanjedza wa mafuta amafuna dambo louma ndithu, ndipo ndi mdani wa peat. Koma amayamba kubereka pakatha zaka zitatu, kenako mlimi amakolola pafupifupi milungu iwiri iliyonse, wogula n'kubwera ndi galimoto ndi sikelo yake m'mbali mwa msewu. Fizi ya mwana imachokera pamenepo, ngongole ya njinga yamoto imabwezedwa pamenepo. Sago, kanjedza amene thunthu lake limatulutsa ufa, amakonda madzi ndipo ndi bwenzi la dambo. Koma amatenga zaka 8 mpaka 12 kuti adulidwe koyamba. Jelutung, mtengo wa utomoni umene kale unkapangira chingamu, nawonso ndi wa zaka pafupifupi 10, ndipo msika wake unazilala kalekale. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Wophunzira amene akuuza mlimi kuti asiye cha milungu iwiri n'kudikira cha zaka khumi ayenera kufotokoza zaka za pakatizo mwezi ndi mwezi. Ndikanakhala mmodzi wa oweruza, pepala lopanda kalendala ya ndalama zolowa ndi zotuluka m'banja sindikanalipitiriza kuwerenga.

Taonani nkhani ya purun, mlulu wa m'madambo a ku South Kalimantan ndi ku South Sumatra. Amayi amalowa m'madzi kukauzula, amauyanika, amausinja mpaka uphwaphwatike, amaunyika mu utoto, kenako amakhala pansi kuluka mikeka ndi madengu. Ntchito ya masiku angapo imeneyo, mtengo wake ndi wozizira. Anthu ena anaganiza zodula purun kukhala timapaipi tomwera zakumwa m'malo mwa tapulasitiki, ndipo maganizo ngati amenewa oweruza amawakonda chifukwa ndi osavuta kuwafotokoza m'mphindi zisanu. Koma adzagula ndani chaka chamawa, fashoni ikatha? Ndani adzalipira bwato lokatula katundu ku tauni? Pa ndalama imene wa lesitilanti walipira, yofika m'manja mwa mayi uja ndi zingati? Kupanga chinthu n'kosavuta, chovuta ndi wogula amene adzabwerenso.

Palinso nkhani ya madzi, imene mapepala ambiri amaidumpha chifukwa ilibe kukongola. Mlimi mmodzi sangabwezeretse madzi m'munda mwake yekha, dambo lonse ndi thupi limodzi. Kutseka ngalande kumachitika motere: amakhoma mizere iwiri ya mitengo modutsa ngalandeyo, pakati n'kudzazapo matumba a dothi, ndipo nthawi zina amasiya kampata pakati kuti madzi osefukira ndi timabwato tizidutsa. Madzi akakwera, wa sago amasangalala. Koma mnzake wa zinanazi kapena wa kanjedza kumtunda kwa chotsekeracho amaona mizu ya mbewu zake ikumira. Ndipo ngalande yomweyo ndi msewu wa mudzi, ndimo amadutsitsa zokolola ndi odwala. Mpake kuti m'madera ena zotsekera zinapezeka zitaphwasulidwa. Wophunzira amene angakhale pansi ndi anthu a mudzi umodzi n'kulemba mgwirizano wa yemwe atseke, liti, ndiponso yemwe alipire mnzake wotaya mbewu, kwa ine ameneyo wapambana, ngakhale atabwera ndi pepala lolemba pamanja.

Za malo nazonso. Munthu amene alibe chikalata chotsimikizira kuti munda ndi wake sangabzale mtengo wa zaka khumi. Angabzalire ndani?

Chimene chimandipatsa chiyembekezo n'chakuti mayankho abwino amene tikuwadziwa sanagwe kuchokera kumwamba, anali kale m'manja mwa eni dera. Ku Sungai Tohor, pa zilumba za Meranti m'chigawo cha Riau ku Indonesia, anthu akhala akulima sago kwa mibadwo, amadula thunthu m'zidutswa n'kuziyandamitsa pamadzi mpaka ku chigayo. Iwowa ndi amene analimbikira kuti ngalande zitsekedwe, mpaka Joko Widodo anakafikako mu November 2014. Ku Kalimantan kuli beje, maiwe okumbidwa m'dambo momwe nsomba zimatsalira madzi akaphwa, anthu n'kuzikolola m'chilimwe. Ku Peru, m'madambo a Pastaza ndi Marañón, chipatso cha aguaje chili ndi msika wokhazikika mumzinda wa Iquitos. Vuto linali lakuti pokolola ankagwetsa mtengo wonse, ndipo popeza yobereka ndi mitengo yaikazi yokha, nkhalango zapafupi ndi midzi zinayamba kutsala ndi yaimuna. Kusintha kwake kunali kuphunzira kukwera mtengowo ndi zingwe ndi malamba. Mbewu ndi yomweyo, wogula ndi yemweyo, ndalama ikubwera nyengo yomweyo. Maganizo otere ndi amene ndikufuna ophunzira azisaka, osati kuyambitsa mbewu imene mudzi sunaionepo.

Komanso tisamatenge mankhwala a ku Indonesia kukamwetsa aliyense. Dambo la Cuvette Centrale, lomwe lili ku Republic of Congo ndi ku DRC, kukula kwake kunadziwika bwino mu 2017, ndipo akuti limasunga matani pafupifupi 30 biliyoni a kaboni. Kumeneko gawo lalikulu likadali lonyowa, anthu amapha nsomba ndi kutola za m'nkhalango. Choopsa sichikuchokera ku khasu la mlimi. Mu 2022 boma la DRC linaika pamsika malo ofufuzamo mafuta, ena mwa iwo akulowa m'dambomo. Wophunzira wolemba za kumeneko akayamba ndi kuphunzitsa anthu ulimi watsopano, ndiye kuti wasochera.

Ophunzirawo ali ndi zimene angathandize, ndipo n'zambiri. Amadziwa kuwerengera, ali ndi nthawi yofunsa mavenda mitengo, akhoza kuzika paipi yobooledwa m'dambo n'kuphunzitsa achinyamata a m'mudzi kuyeza kuya kwa madzi mlungu uliwonse. Kungoti okonza mpikisano awakankhire kumeneko. Pa tebulo la oweruza pakhale mlimi weniweni wa m'dambo, wokhala ndi voti yolemera mofanana ndi ya pulofesa. Gawo la mphoto lipite ku mudzi umene unapereka nthawi ndi nzeru zake, chifukwa kuyankha mafunso a alendo tsiku lonse ndi tsiku lotayika kumunda. Ndipo theka la ndalamazo liperekedwe pakatha zaka ziwiri, akapita kukaona ngati pali banja limene likuchitabe zimene zinalembedwazo.

Za zaka zodikira zija, ine ndikuona kuti wolipira akhale amene akupindula. Dambo lonyowa likuthandiza wopuma mpweya ku Singapore ndi dziko lonse lapansi limene likuopa kutentha, choncho si chilungamo kuti mtengo wake ugwere banja limodzi la ku Riau. Ndikudziwa kuti ophunzira ambiri alembapo za malonda a kaboni, momwe otulutsa mpweya woipa amalipira amene akusunga kaboni m'dambo. Alembe, koma aonetse kuti pa dola iliyonse, ikadutsa m'manja mwa kampani, oyeza ndi boma, yofika pakhomo la mlimi ndi masenti angati, ndipo ifika mwezi uti.