Ana inu, hashitagi si mkanda wovala pokayenda

Ana anga ndi adzukulu anga amene mumachezera pa Facebook, pa TikTok ndi kwina konseko mpaka tambala kulira, lero mundipirire, ndiyankhula mokalipa. Foniyi anandigulira ndi mwana wanga ndipo ndimawerenga nditavala magalasi, koma zimene ndikuonamo zandifika pakhosi.

Kachizindikiro aka ka # ife tinakadziwira pa foni za mabatani. Polowetsa mayunitsi unkayamba ndi sitala n'kutsekera ndi hashi, ntchito yake n'kuthera pomwepo. Inu mwakasandutsa mkanda. Munthu wajambula mbale ya nsima ya usipa, pansi pake mahashitagi 15, ena mwa iwo mwini wakeyo sangawatchule n'komwe. Ena mumakalemba ngakhale pa sitetasi ya WhatsApp pomwe sikagwira ntchito iliyonse. Zimenezo ndilibe nazo mlandu, nsimayo ndi yanu.

Chandiwawa ndi ichi. Chaka chino tinaika m'manda mlamu wanga, anafa pa ngozi ya minibasi pa msewu wa M1. Ola lisanathe, wina amene anali pamalopo anajambula thupi lili m'mbali mwa msewu, osaliphimba ngakhale ndi chitenje, n'kuponya pa Facebook. Pansi pake #RIP, #ngozi ndi dzina la boma lathu. Mwana wamkazi wa malemuyo amagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg. Anazindikira bambo ake ndi jekete limene anawatumizira yekha pa Khirisimasi. Anaimbira mayi ake akulira mokuwa, mayiwo ali kudimba akuthirira mpiru, sakudziwa kanthu, komanso ndi munthu wa BP. Anagwera pomwepo, keni ili m'manja. Ife amene tinkayenera kupita kukakhala nawo pamphasa, kuyamba ndi mawu oti "bambo apezeka ndi ngozi, tiyeni tikawaone" kuti mtima uyambe wakonzeka, tinapeza mudzi wonse uli m'chisokonezo, amfumu asanauzidwe, eni mbumba akumva kwa ana a sukulu.

Mwina wojambulayo ankati akuthandiza kuti abale apezeke. Koma sankadziwa chimene hashi imachita, ndipo ambiri a inu simudziwanso. Ukaika # kutsogolo kwa liwu pa positi imene aliyense angathe kuiona, positiyo imachoka pakhomo pako n'kukaunjikidwa pamodzi ndi za anthu ena onse amene alemba liwu lomwelo. Wodina liwulo, kaya ali ku Karonga, ku Chipata kapena ku London, aziona zonse. N'chifukwa chake anaiyambitsa. Munthu wina wa ku America, Chris Messina, ndiye anapereka ganizoli pa Twitter, imene pano ikutchedwa X, mu Ogasiti 2007. Patangopita miyezi iwiri moto wolusa unabuka ku San Diego, ndipo anthu ankalemba #sandiegofire pouzana kumene motowo wafika. Instagram inatengera mu 2011, Facebook mu 2013, ndiye pano paliponse. Kungoyambira pachiyambi, hashi ndi ng'oma yoitanira anthu kubwalo.

Ndipo ikaimbidwa pa nthawi yake imamveka kutali. Atsikana 276 atabedwa pa sukulu ku Chibok m'dziko la Nigeria mu 2014, dziko lonse lapansi linamva chifukwa cha #BringBackOurGirls. Ophunzira a m'mayunivesite a ku South Africa anagwedeza boma ndi #FeesMustFall mu 2015. Apa pa Zimbabwe, mbusa Evan Mawarire anadzikoleka mbendera m'khosi mu 2016, #ThisFlag n'kufalikira mpaka anthu kukhala pakhomo osapita ku ntchito. Choncho musati agogowa akudana ndi zamakono. Ayi. Ndikudana ndi kuseweretsa ng'oma.

Kuseweretsako kumavulaza ngakhale mtima uli wabwino. George Floyd ataphedwa ndi wapolisi ku Minneapolis mu 2020, pa 2 Juni anthu miyandamiyanda anaponya zithunzi zakuda bii pa Instagram posonyeza chisoni, ambiri n'kuwonjezera #BlackLivesMatter. Amene ankadina liwulo kuti amve komwe kuli zionetsero ndi komwe angapeze thandizo anangopeza mdima wokhawokha, uthenga weniweni utakwiririka. Otsogolera anachita kupempha anthu kuti achotse. Amenewo anali olira nawo, nanga inu otsatsa malonda? M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe Freddy atagwetsa matope a m'phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe, ine ndinali mmodzi mwa anthu odina #CycloneFreddy usiku, kufunafuna dzina la mdzukulu wanga m'misasa. Pakati pa mayina a osowa ndinkakumana ndi wogulitsa nsapato za kaunjika, wina mawigi, wina wadzijambula atapinda milomo. Anaona kuti liwulo likuyenda, n'kukwerapo ngati matola. Ndikufunseni, kodi pasiwa mumayala tomato?

Inu amayi achitsikana, za ana. Mwana wavala yunifolomu tsiku loyamba, mwamujambula pageti, mwalemba dzina lake, hashi dzina la sukulu, hashi dera lomwe mumakhala. Mwauza mlendo aliyense nkhope ya mwana, dzina lake ndi pomwe amapezeka akaweruka. Agogo ake atumizireni pa WhatsApp, asangalala chimodzimodzi.

Tsono pali khalidwe lina limene limandiopsa koposa, la kuthamangira mfuu osafunsa kuti kwagwanji. Wina aponya chithunzi cha munthu n'kulemba #mbava kapena #mfiti, inu mazanamazana n'kumagawana, aliyense kuthirapo ndemanga yake. Munamuona akuba? Ife okalamba nkhani ya ufitiyi sitiimva ngati nthabwala, chifukwa m'dziko muno anzathu akugendedwa mpaka kufa pongonamiziridwa, ena ndi adzukulu awo enieni. Kale bodza linkayenda ndi miyendo, linkatopa lisanafike mudzi wachitatu. Lero mwalipatsa hashi. Dziwaninso kuti kuyambira 2016 Malawi ali ndi lamulo loona za pa intaneti, ndipo alipo anthu amene anagonapo m'chitolokosi chifukwa cha zimene analemba pa foni. Pamenepo mawu oti "ndinangoona anzanga akulemba" sakakuthandizani. Ngakhale mufufute, wina anajambula kale sikirinishoti, ndipo mlandu suola.

Sindikuti tayani mafoni. Koma chala chisanadine, imani kaye. Ngati ndi maliro, dikirani eni ake alengeze, ndipo thupi la munthu si lojambula. Ngati ndi tsoka la dziko, siyirani liwulo amene akusaka abale awo ndi amene akugawa ufa ndi mabulangete. Malonda anu apatseni liwu lawolawo.

Mnyamata anajambula mlamu wanga uja tinamupeza kudzera mwa anzake. Anapepesa ndithu, chithunzicho n'kuchotsa tsiku lomwelo. Koma anthu ena anali atachikopera kale pa masamba awo, ndipo ambiri sitikuwadziwa. Sabata yatha mwana wa malemuyo anandiimbira kuchokera ku Johannesburg. Akuti ankafuna kuona ngati kwathu mvula yayamba, analemba dzina la boma lathu pa Facebook, ndipo jekete lija linatulukanso.